Chikomekome cha Mkuyu: Mbiri ya Tizilombo Tobisala mu Mkaka wa M'chitini

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali. Mukudziwa kale mmene teremu yachitatu imakhalira, kuchonga mapepala mpaka maso kuchita chidima. Lero ndabwera ndi nkhani yaitali pang'ono, ndiye khalani pansi bwinobwino. Mu silabasi ya History mulibe, MANEB sidzakufunsani, koma ndi mbiri ndithu, ndipo kwa ine inayambira pakhomo pathu.

Mwezi wathawu mwana wa malemu mchemwali wanga anandiimbira foni. Ali ndi khanda la miyezi itatu ndipo tchuthi chake cha uchembere chikutha. Anati, "Amalume, ndikamapita kuntchito ndizifinya wanga n'kumusiyira, koma ukachepa ndiziwonjezera wa m'chitini. Paja ine munandilera ndi womwewo, si choncho?" Ndinavomera, koma nditadula foni ndinakhala phee kwa kanthawi. Funsolo linandibwezera ku chaka cha 2001.

Zimene zinachitika kwathu

Mchemwali wanga anamwalira patangotha milungu itatu chibadwire mwanayo. Mayi athu anatenga khandalo. Ine ndinali nditangoyamba ntchito, ndiye udindo wanga unali wogula mkaka. Mwezi ukatha ndinkakwera minibasi kupita m'tauni n'kubwera ndi zitini zingapo, pafupifupi theka la malipiro anga. Mayi ankazisunga m'sutikesi ngati mankhwala. M'mawa ankawiritsa madzi pamafuwa, kuwasiya mpaka afunde, kenako n'kusungunula mkaka wa tsiku lonse kamodzi, n'kuuthira m'fulasiki kuti usazizire. Nkhuni zinali zovuta, choncho tonse tinkaona kuti imeneyo ndi nzeru. Fulasikiyo ndinagula ndine.

Atakwanitsa miyezi iwiri mwanayo anayamba kutentha thupi, kutsegula m'mimba ndi kukana kudya. Anagonekedwa kuchipatala kwa sabata yoposa imodzi. Namwino wina, mwina kamba ka kutopa, anakalipira mayi pagulu: "Agogo, mukufuna kupha mwanayu? Uve ndi umene ukumudwalitsa!" Mwana anachira, ndi yemweyu wandiimbira foniyu. Koma mawu aja mayi sanawaiwale. Mpaka pomwe anatisiya mu 2014 ankanenabe kuti anatsala pang'ono kupha mwana wamasiye ndi manja awo.

Palibe anafunsa za chitini. Palibe anayeza ufawo kapena kulemba nambala ya pansi pa chitinicho. Namwino, mayi ndi ine tinkakhulupirira chinthu chimodzi, kuti chochokera kufakitale, chomatidwa bwino ndi chonyezimira, chimakhala choyera ngati jakisoni wosatsegula. Sindikunena kuti chitini ndicho chinadwalitsa mwana wathu ayi. Madzi, botolo kapena ntchentche zikanatha kutero. Ndikunena kuti pa mlandu uja anaimbidwa munthu mmodzi pomwe oyenera kufunsidwa analipo angapo. Mbiri ili m'munsiyi ndi ya mmene dziko linadziwira zimenezi, pang'onopang'ono, makanda ena atatayika kale.

Mmene mkaka unasandukira ufa

M'zaka za m'ma 1800 khanda lotaya mayi ake ku Ulaya linali pa ngozi yaikulu. Mkaka wa ng'ombe wogulitsidwa m'mizinda unkasasa msanga komanso unkafalitsa matenda. Mu 1865 katswiri wa ku Germany, Justus von Liebig, anakonza chakudya cholowa m'malo mwa bere, ndipo mu 1867 Henri Nestlé anayamba kugulitsa ufa wa makanda ku Vevey, ku Switzerland. Mu 1904 kampani ya Joseph Nathan inayamba kuumitsa mkaka ku Bunnythorpe, ku New Zealand, ndipo posakhalitsa inaupatsa dzina loti Glaxo. Inde, kampani yaikulu ya mankhwala ija inayambira pa mkaka wa ana. Dzinali mulisunge, tikumana nalonso kutsogoloku.

Mafakitale a masiku ano amachita chonchi. Mkaka wamadzi, wosakaniza ndi mafuta ndi zina, amautenthetsa kuti tizilombo tife. Kenako amauphwetsa kuti ukhale wokhuthala, n'kuupopera ngati nkhungu m'chinsanja chachitsulo, chachitali ngati nyumba yosanjikizana kangapo, momwe mumadutsa mpweya wotentha madigiri oposa 150. Timadontho timauma tisanafike pansi n'kugwa ngati ufa. Pambuyo pake ufawo umadutsa m'mapaipi, nthawi zina amawonjezeramo zinthu zina zouma monga mavitamini, kenako n'kulowa m'zitini.

Vuto lagona apa. Kutentha kopha tizilombo kumachitika kumayambiriro, mkaka udakali wamadzi. Ukangosanduka ufa sungawiritsidwenso. Ndiye chilichonse cholowamo pambuyo pake, kuchokera ku fumbi, nsapato za wantchito kapena mng'alu wa m'chitsulo, chimamatidwira m'chitini momwemo. Ndipo kwathu kuno timati chinthu chayera chikatsukidwa ndi madzi, koma kumbali youma ya fakitale yotereyi madzi ndiwo mdani. Fumbi la mkaka likangonyowa pakona pena, mabakiteriya apeza munda.

Nthawi imene maso onse anali pa khitchini ya mayi

Kwa zaka zambiri mkangano wa mkaka wa m'chitini unali pa nkhani ina. Mu 1939 dokotala Cicely Williams, amene anagwirapo ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, ndipo anadziwitsa madokotala za kwashiorkor, analankhula mwaukali ku Singapore podzudzula makampani onyengerera amayi osauka kusiya kuyamwitsa. Mu 1974 bungwe la War on Want ku Britain linatulutsa lipoti lodzudzula malonda omwewa, mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, ndipo mu 1981 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza malamulo a kagulitsidwe ka mkaka wolowa m'malo mwa bere. Mayiko 118 anavomera, dziko la America lokha ndilo linakana.

Nkhondo imeneyi inali yoyenera ndipo inapulumutsa ana ambiri. Koma taonani pomwe chala chinkaloza. Makampani ankadzudzulidwa pa kutsatsa malonda, pomwe matenda enieniwo ankati amachokera ku madzi akuda, mabotolo osatsuka ndi kuchepetsa ufa kuti chitini chikhalitse. Zonsezi zimachitika chitini chitatsegulidwa kale. Ufa wa mkatimo unkaonedwa ngati wosalakwa.

Bakiteriya wachikasu wopanda dzina

Mu 1958 makanda awiri anamwalira ndi matenda oumitsa khosi pachipatala china ku St Albans, ku England. Madokotala awiri, Urmenyi ndi Franklin, analemba za imfazi mu 1961, ndipo anafotokoza za bakiteriya wachilendo amene ankamera wachikasu mu labotale. Panthawiyo palibe anaganizira za mkaka. Mu 1980 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi J. J. Farmer wa ku CDC, bungwe lolimbana ndi matenda ku America, linamupatsa dzina loti Enterobacter sakazakii, polemekeza katswiri wa ku Japan, Riichi Sakazaki.

Amene anayamba kuloza chala ku chitini ndi dokotala wa ku Netherlands, Harry Muytjens. Mu 1983 iye ndi anzake analemba za makanda asanu ndi atatu odwala matendawa m'dziko lawo, ndipo anapeza bakiteriyayu mu mkaka wosungunula kale, pa bulashi yotsukira ziwiya ndi pa supuni yotakasira. Wina akanati mlandu watha, khitchini ya chipatala ndiyo yauve. Koma iwo anafunsa funso lotsatira: nanga pa supunipo anachokera kuti? Anasonkhanitsa mitundu 141 ya mkaka waufa wa makanda kuchokera m'mayiko 35, ndipo mu 1988 analengeza kuti bakiteriyayu anapezeka mu mitundu 20 mwa imeneyo.

Chodabwitsa n'chakuti anali wochepa zedi, wosafika ngakhale mmodzi pa galamu iliyonse, moti mkakawo unkakwaniritsa malamulo a nthawiyo. Nanga wochepa choncho angaphe bwanji? Yankho lili pawiri. Choyamba, bakiteriyayu amapirira kuuma, amatha kukhala wamoyo mu ufa mpaka zaka ziwiri. Chachiwiri, akangokumana ndi madzi ofunda amadzuka n'kuyamba kuswana. Aphunzitsi a masamu ndithandizeni: tiyerekeze kuti akudzigawa pawiri mphindi 30 zilizonse. Mmodzi yekha, pakatha maola 6, amakhala 4,096. Pakatha maola 10 apitirira miliyoni. Nditawerengera zimenezi koyamba ndinakumbukira fulasiki yanga ija, yodzaza m'mawa n'kumamwedwa mpaka madzulo, ndipo thukuta linandituluka.

Matendawa sagwagwa kawirikawiri, koma akagwa ndi oopsa. Amakonda makanda osakwana miyezi iwiri, obadwa masiku osakwana ndi ofooka m'thupi. Mwa amene afika poumitsa khosi ambiri amamwalira, ndipo opulumuka nthawi zambiri amatsala ndi ubongo wowonongeka.

Kendal, 1985: kabowo m'chinsanja

Mdani wachiwiri ndi wodziwika kale, Salmonella, amene amatsegula m'mimba. Mu Novembala ndi Disembala 1985 akatswiri a ku England amene ankalandira zoyeza kuchokera m'zipatala zosiyanasiyana anaona chinthu chachilendo. Mtundu wina wosowa, Salmonella Ealing, unayamba kupezeka pafupipafupi, makamaka mwa makanda, ndipo makandawo anali m'madera otalikirana. Ana amene sanakumanepo, omwa madzi a m'mipope yosiyana, angadwale bwanji chinthu chimodzi? Atafunsa makolo anapeza kuti onse ankamwa mkaka wa kampani imodzi, ya Farley's, imene mwini wake panthawiyo anali Glaxo yemwe uja. Fakitale yake inali ku Kendal, kumpoto kwa England.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mkakawo unachotsedwa pamsika labotale isanapeze kanthu mu ufa. Anakhulupirira umboni wa ana odwala. Pambuyo pake, atayeza mobwerezabwereza, anapeza Salmonella m'mapaketi 4 mwa 267 osatsegula. Gwero linali kabowo m'khoma lamkati la chinsanja choumitsira. Ufa unkatulukira pa kabowoko n'kulowa mu zinthu zonga thonje zimene amakutira chinsanja kuti kutentha kusathawe, momwe munali mabakiteriya, kenako n'kubwereranso mkati. Makinawo anawaphwasula, kampaniyo inagwa, ndipo mu 1986 inagulidwa ndi Boots.

Phunziro la Kendal ndi ili: kuyeza zitini zochepa n'kupeza kuti zili bwino sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Zili ngati kupisa dzanja m'thumba la chimanga kamodzi n'kunena kuti mulibe anankafumbwe.

Tennessee, 2001: chaka chomwe chija

Mu Epulo 2001, chaka chimene ife tinkavutika ndi wathu, khanda lobadwa masiku osakwana linadwala m'chipatala china ku Tennessee, ku America, lili ndi masiku 11. Linamwalira patatha masiku asanu ndi anayi. Linkapatsidwa mkaka waufa wotchedwa Portagen, wa kampani ya Mead Johnson. Kumeneko anafunsa za chitini. Anayeza madzi ndi malo okonzera mkaka, sanapeze kanthu. Atayeza zitini, zotsegula ndi zosatsegula zomwe, anapeza Enterobacter sakazakii wofanana ndendende ndi amene anapha mwanayo. Mu 2002 kampaniyo inachotsa pamsika zitini za gulu limenelo, ndipo FDA, nthambi ya boma yoona za chakudya ndi mankhwala ku America, inalangiza zipatala kuti ana obadwa masiku osakwana asamapatsidwe mkaka waufa pokhapokha ngati palibe njira ina.

Apa ndi pomwe zinthu zinatembenukira. Mu 2004 mabungwe a WHO ndi FAO anasonkhanitsa akatswiri ku Geneva, ndipo ananena poyera kuti mkaka waufa wa makanda si chinthu chopanda tizilombo, ngakhale utapangidwa motsatira malamulo onse. Mu 2007 WHO inatulutsa malangizo akuti ufawu uzisungunulidwa ndi madzi otentha madigiri osachepera 70. Mu 2008 bungwe la Codex Alimentarius, lokhazikitsa miyezo ya chakudya padziko lonse, linavomereza malamulo atsopano a ukhondo wa m'mafakitalewa.

Nthawi yomweyo bakiteriya uja anasinthidwa dzina kukhala Cronobacter. Amene munali tcheru pophunzira za Agiriki mukukumbukira Cronos wa m'nthano zawo, uja ankameza ana ake akangobadwa. Kuchokera pa imfa za ku St Albans kufika pa dzina limeneli panadutsa zaka 50.

Craon, 2017: mlendo amene sanachoke

Mwina mukuganiza kuti malamulo atabwera nkhani inatha. Ayi ndithu. Mu 2005 makanda oposa 140 ku France anadwala Salmonella Agona atamwa mkaka wa fakitale ya ku Craon, m'chigawo cha Mayenne. Fakitaleyo inatsukidwa, ntchito inapitirira, ndipo mu 2006 inagulidwa ndi Lactalis, imodzi mwa makampani aakulu kwambiri a mkaka padziko.

Kumapeto kwa 2017 makanda oposa 30 anadwalanso. Akatswiri a ku Institut Pasteur, amene anali atasunga mabakiteriya a 2005, atayerekeza DNA anapeza kuti ndi banja lomwe lija. Atabwerera m'zosunga zawo anapezanso ana ena 25 amene anadwala mtundu womwewo pakati pa miliri iwiriyi, mmodzimmodzi, popanda wozindikira. Mwachidule, mlendoyo anakhala m'fakitalemo zaka 12. Mkulu wa kampaniyo, Emmanuel Besnier, anavomera kuti n'kutheka anavumbulidwa pomwe ankagumula makoma ndi pansi pokonzanso chinsanja china kumayambiriro kwa 2017.

Zinadziwikanso kuti kampaniyo inali itapeza kale Salmonella m'fakitalemo mu Ogasiti ndi Novembala 2017, osati mu ufa koma pamalo ogwirira ntchito, ndipo sinauze boma chifukwa lamulo silinkakakamiza kutero. Kuchotsa mkakawo pamsika kunachitika mwa apo ndi apo, mpaka mu Januwale 2018 kunakhudza mabokosi 12 miliyoni m'mayiko 83, kuphatikizapo a mu Africa. Masitolo ena aakulu ku France anavomera kuti anapitiriza kugulitsa zitini zoletsedwa. Chaka chomwecho dziko la France linasintha lamulo kuti zopezeka pamalo ogwirira ntchito nazonso zizinenedwa ku boma.

Sturgis, 2022: kalata imene inachedwa

Mu Okutobala 2021 munthu amene ankagwira ntchito pa fakitale ya Abbott ku Sturgis, m'chigawo cha Michigan, anatumiza ku FDA chikalata cha masamba 34 chofotokoza zolakwika zimene anati ankaziona kumeneko. Chikalatacho sichinafike kwa akuluakulu mpaka Febuluwale 2022. Pakati pa nthawiyi makanda omwa mkaka wa fakitaleyo ankadwala Cronobacter. Odziwika poyamba anali anayi, ndipo awiri anamwalira. Oyendera a boma atalowa kumapeto kwa Januwale anapeza denga lodontha, madzi odikha pansi, ming'alu m'zinsanja zoumitsira, ndi Cronobacter m'malo angapo. Pa 17 Febuluwale kampaniyo inachotsa pamsika mkaka wa Similac, Alimentum ndi EleCare wopangidwa kumeneko, ndipo fakitale inatsekedwa.

Chilungamo chikufunika apa, monga ndinkakuuzirani m'kalasi kuti wolemba mbiri asamabise umboni womutsutsa. Mabakiteriya opezeka m'fakitalemo sanafanane ndi a makanda awiri amene zoyeza zawo zinasungidwa, ndipo Abbott yakhala ikunena kuti palibe umboni woti mkaka wake ndiwo unadwalitsa anawo. Za makanda ena awiriwo panalibe chosungidwa choti n'kuyerekeza nacho.

Chotsatira chake chinadabwitsa dziko. Pafupifupi mkaka wonse wa makanda ku America unkapangidwa ndi makampani anayi okha, ndiye fakitale imodzi itatsekedwa mashelefu anatsala pululu. Pofika Meyi 2022 makolo m'dziko lolemera chotero ankayenda mitunda italiitali kusaka chitini chimodzi. Pulezidenti Joe Biden analamula kuti mkaka ubwere pa ndege, ndipo ndege yoyamba, ya asilikali, inachokera ku Germany n'kutera ku Indianapolis pa 22 Meyi. Mwa mkaka umene unathandiza pa vutoli munali Kendamil, wochokera ku fakitale ya ku Kendal yomwe ija ya kabowo, ili m'manja mwa eni ena. Zikusonyeza kuti fakitale itha kuphunzira.

Kuyambira 2024 Cronobacter wa makanda ali pa mndandanda wa matenda oyenera kulembedwa m'dziko lonse la America. Koma nkhani sinathe. Mu Novembala 2025 kampani ya ByHeart inachotsa pamsika mkaka wake wonse, ndipo makanda makumi angapo anagonekedwa ndi botulism, matenda ofooketsa minofu. Mbewu za bakiteriya woyambitsa matenda amenewa sizifa ndi madzi a madigiri 70. Choncho pali mbali ina imene mayi, ngakhale atasamala chotani, sangaigwire. Imeneyo ndi ya fakitale ndi boma.

Nanga ife tikutengapo chiyani?

Mukayang'ana nkhani zonsezi muona chinthu chimodzi. Fakitale sinadziulule yokha. Nthawi iliyonse panali wina amene anawerenga ana odwala, kusunga zoyeza ndi kufunsa kuti mwana ankamwa chiyani. Ku Kendal anali anthu a mu labotale ozindikira dzina losowa. Ku Craon anali mabakiteriya osungidwa zaka 12. Ndi zomwe ndinkakuuzani mu Fomu 1, kuti popanda zolembedwa palibe mbiri. Kumene kulibe wolemba, mwana amangoti wadwala malungo kapena watsegula m'mimba, ndipo mlandu umagwera munthu amene ali pafupi, kawirikawiri mayi kapena agogo. Mkaka wambiri wa makanda umene timagula m'masitolo mwathu muno ndi wochokera kunja, ndiye zochitika m'chinsanja cha kutali zimatha kufika pa mbaula yathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Musandimve molakwa. Madzi akuda akadali mdani wamkulu kuposa fakitale. Kumayambiriro kwa 2006 ku Botswana, komwe boma linkapereka mkaka wa m'chitini kwa amayi okhala ndi HIV, mvula yambiri inaipitsa madzi akumwa ndipo ana oposa 400 anamwalira ndi kutsegula m'mimba, ambiri mwa iwo osayamwa. Zimenezi zinathandiza kuti malangizo asinthe. Kuno kwathu kuyambira 2011 mayi woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV moyo wake wonse ndipo amalimbikitsidwa kuyamwitsa. Bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi ndilo chitetezo choposa zonse. Komabe ana amasiye alipo, amayi odwala alipo, ndipo kwa ena chitini ndicho moyo. Wathu uja popanda chitini sakanakhalapo. Oterewa safunika kukalipiridwa, afunika kuuzidwa zoona.

Ndiye tsiku lotsatira ndinamuimbiranso mwana wa mchemwali wanga, ndipo ndinamuuza izi, zambiri mwa izo zochokera m'malangizo a WHO aja. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo ziwiya muziwiritse. Kapu ndi yosavuta kutsuka kusiyana ndi botolo. Wiritsani madzi mpaka abwate, n'kuwagwiritsa ntchito pasanathe mphindi 30, adakali otentha, osadikira kuti afunde. Thirani ufa molingana ndi muyeso wa pa chitini. Mukasakaniza, ziziritsani msanga poviika kapu kapena botolo m'madzi ozizira, ndipo dontheza pang'ono pamkono panu musanampatse mwana. Konzani wa nthawi imodzi yokha. Wotsala ukatha maola awiri tayani, ngakhale mtima ukupweteka ndi mtengo wake. Fulasiki izisunga madzi otentha okha, osati mkaka wosungunula kale. Mkaka waufa wothira mu tiyi si wa khanda. Chitini chikatha musachitaye msanga, chifukwa nambala ya pansi pake ndiyo imasonyeza gulu limene chinapangidwira. Ndipo khanda likatentha thupi, kukana kudya, kufooka, kulira mosalekeza, kukomoka kapena kutupa paliwombo, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chitinicho mutatenga.

Aphunzitsi anzanga a Biology ndi Home Economics, nkhani iyi ingakwane mu piriyodi imodzi, ndipo theka la kalasi yanu lidzakhala makolo pasanathe zaka khumi. Inu ophunzira anga akale amene muli anamwino, madokotala ndi oyeza katundu, homuweki yanu ndi iyi: khanda losayamwa likabwera likudwala, funsani za madzi, funsani za botolo, koma funsaninso za chitini, ndipo mulembe yankholo.

Mayi anga sanamvepo dzina loti Cronobacter. Ankawiritsa madzi tsiku lililonse ndi nkhuni zotola okha, ndipo ankachita zonse zimene anauzidwa. Chimene sanauzidwe n'chakuti ufa wa m'chitini chonyezimira nawonso umafuna madzi otentha, ndipo mu 2001 ngakhale WHO inali isananene zimenezo. Akanakhala moyo ndikanawawerengera nkhaniyi pakhonde madzulo, n'kuwauza kuti, "Amayi, ngati panali cholakwa, fulasiki ija ndinagula ndine."

Amene muli ndi makanda muwapatse moni wa agogo awo a History.